Ucar Chitalu ndi zigoli 107 za mu 1972 zimene FIFA idakana kuwerenga

Mukalowa m'nyumba zoonetsera mpira pa Mzimba boma, pa Jenda kapena pa Embangweni Loweruka madzulo, mkangano wake ndi womwewomwewo: Messi kapena Ronaldo, ndipo tsopano kwabweranso Haaland ndi Mbappé. Wina akangolimba mutu, mnzake amasolola foni m'thumba, kutsegula Google, n'kumuloza manambala pamphuno. Nkhani imathera pomwepo. Masiku ano chinthu chimene foni sikuchidziwa, anthu amachitenga ngati sichidachitike.

Ndiye tamvani za munthu amene foni idatsala pang'ono kusamudziwa. Sadasewere kutali ayi. Adasewera kutsidya kwa malire athu omwewa, m'dziko limene wa ku Mqocha amalowamo wapansi, ndipo adafikako kuno kudzagwedeza maukonde athu omwe. Dzina lake Godfrey Chitalu, koma a ku Zambia amangoti Ucar. M'chaka cha mpira cha 1972, malemuyu adamwetsa zigoli 107. Simudawerenge molakwika aise, ndi 107 ndithu.

Chitalu adabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, tauni ya mgodi wa kopa, ndipo adakulira m'komboni ya Mikomfwa. Agogo athu ambiri a kuno ku Mzimba dera limenelo ankalidziwa bwino, chifukwa amene sadalowere ku Joni kapena ku Southern Rhodesia ankakagwira ntchito kumigodi ya Copperbelt. Eni migodi adali ataona kuti wantchito amene ali ndi timu yochemerera Lamlungu savuta Lolemba, ndiye adamanga mabwalo, adagula mipira ndi majezi, n'kukhazikitsa timagulu ta ana m'makomboni. Matimu akuluakulu a nthawiyo, Roan United ya ku Luanshya komweko, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ndi Rhokana United (imene lero ndi Nkana), onse adali ana a migodi. Mwana wa ku Mikomfwa ankakula mpira uli pakhomo.

Akali wachichepere adasamukira ku Kitwe, n'kulowa Kitwe United. Luso lidaoneka msanga: liwiro, thupi lamphamvu, ndi shoti imene magoloboyi ankaiopa. Koma mnyamatayu adali ndi mtima wapachala. Otchinga kumbuyo akamuponda, iye ankabwezera. Oyimbira akamuchenjeza, iye ankayankha. Nkhani yomwe a ku Zambia amakonda kuikamba ndi ya mu 1967. Nthawi imeneyo makadi achikasu ndi ofiira adali asadayambe (adadzayamba pa World Cup ya 1970), ndiye wosewera akalakwa, woyimbira ankamufunsa dzina n'kulilemba m'kabuku. Chitalu atafunsidwa, adatchula dzina la Denis Law, katswiri wa Manchester United wa masiku amenewo. Woyimbira sadaseke nawo. Adamutulutsa m'bwalo.

Chaka chotsatira, 1968, Kitwe United idamupatsa ukaputeni. Ndi nzeru ija ya aphunzitsi athu yotenga mwana wolongolola kwambiri m'kalasi n'kumuika kukhala wolemba maina a olongolola. Mtima wapachala sudathe tsiku limodzi, komabe china chake chidasintha, chifukwa chaka chimenecho adamwetsa zigoli 81, adayamba kuvala jezi ya timu ya dziko, ndipo adakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya wosewera wopambana pa chaka ku Zambia. Adali ndi zaka 21 zokha. Nambala ya 81 imeneyi muisunge, ikuthandizani kutsogoloku wina akamati 107 idangogwa kumwamba. Mu 1970 adatenganso mphotoyo, Kitwe United itapata chikho cha Chibuku pogonjetsa Kabwe Warriors mu fainolo.

Ndipo ndi Warriors yomweyo imene idamutenga mu 1971, patatha kukokanakokana pa nkhani ya ndalama. Kabwe, yomwe kale inkatchedwa Broken Hill, ndi tauni ya njanji, ndipo timuyi inkathandizidwa ndi kampani ya Zambia Railways. Sidali timu yongoyamba kumene, idali itatenga kale ligi mu 1968 ndi 1970, ndipo idali ndi akatswiri ngati Boniface Simutowe ndi Sandy Kaposa. Apa mpofunika kumvetsa. Womwetsa zigoli sadzipatsira yekha mpira. Ku Kitwe, Chitalu ankasenza timu pamsana. Ku Kabwe adapeza anthu omusenzera katundu wina, iye n'kutsala ndi ntchito imodzi basi. Warriors idatenganso ligi mu 1971. Dzina loti Ucar lidachokera ku mabatire a kampani ya Union Carbide, omwe ankatchuka kuti sakutha msanga. Amene mudakula mukuyanika mabatire padzuwa kuti wailesi ilankhulekonso mukudziwa ulemu umene uli m'dzina limeneli.

Tsopano 1972.

Chaka chidayamba ligi isadatsegulidwe n'komwe. Warriors, monga akatswiri a dziko, idali mu mpikisano wa matimu otenga maligi mu Africa, umene lero timautcha CAF Champions League, ndipo idakumana ndi Majantja ya ku Lesotho. Kwawo kwa Majantja adalepherana 2-2, zigoli zonse ziwiri za Warriors adamwetsa Chitalu. Pobwereza ku Ndola, Warriors idathambitsa alendowo 9-0, ndipo zisanu ndi ziwiri mwa zigolizo zidali zake. Munthu mmodzi, masewero amodzi, zigoli 7, mu mpikisano wa Africa yonse. Pomaliza mpikisanowo adali ndi zigoli 13, kuposa wina aliyense, ngakhale kuti Warriors idatulutsidwa ndi Hearts of Oak ya ku Ghana isadafike kumapeto.

Kumudzi ndiye kudalibe womuimitsa. Warriors idatenga ligi kachitatu motsatizana. Idatenganso Castle Cup, Challenge Cup, chikho cha Chibuku ndi Charity Shield, kutanthauza kuti chilichonse chimene chidaikidwa patebulo chaka chimenecho chidapita ku Kabwe. Mu ligi mokha Chitalu adamwetsa 49. Zotsalazo zidachokera m'zikho zija, mu mpikisano wa Africa, ku timu ya dziko, ndi zochepa m'masewero apadera. Pamapeto pa chaka adamupatsa mpira wolembedwa dzina lake ndi nambala 107, ndipo chithunzi chake atanyamula mpirawo chilipo mpaka lero. Chimenecho chokha mutha kuchipeza pa foni panupo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chaka chili ndi masabata 52. Zigoli 107 ndiye kuti ziwiri sabata iliyonse, chaka chonse, osapuma, osavulala, osadwala malungo. Haaland atamwetsa 36 mu ligi ya ku England mu 2022/23 tidakuwa mpaka mawu kusasa. Messi pachimake pake adamwetsa 50 mu La Liga ya 2011/12, chigoli chimodzi chokha pamwamba pa 49 za Chitalu. Kuno kwathu, zaka zaposachedwapa womwetsa zigoli zambiri mu Super League safika n'komwe pa 25.

Ndikudziwa chimene ena mwayamba kale kulemba m'munsimu: ligi yake idali yofooka, ankagoletsa alimi. Funso ndi labwino, koma yankho lake lili m'mbiri. Patangotha zaka ziwiri, mu 1974, Zambia idafika mu fainolo ya chikho cha Africa ku Egypt ndi osewera a mu ligi yomweyo. Anthu ngati Dickson Makwaza ndi Dick Chama kumbuyo, ndi Emmanuel Mwape pagolo, adali m'gulu la otchinga abwino kwambiri mu Africa, ndipo ndi omwewo amene Chitalu ankakumana nawo m'masewero a kumudzi. Fainoloyo idathera 2-2 ndi Zaire, ndipo Zambia idagonja 2-0 pa masewero obwereza. Alimi safika pamenepo. Ndipo ngati ligiyo idali yosavuta chomwecho, bwanji wina aliyense sadamwetse 107?

Komabe chilungamo chikhalepo. Ine sindikunena kuti Chitalu adaposa Messi. Mawerengedwe a nthawi ija ndi a lero ndi osiyana. Mu 107 muja muli zigoli zingapo za m'masewero omwe owerenga a ku Ulaya sakadawaika m'kaundula, ndipo zikho za ku Zambia zidali zambiri, zina zokumanitsa timu yaikulu ndi yaing'ono. Kuyerekeza anthu a nthawi zosiyana ndi masewera ongotayitsa bandulo. Chimene chikundikhudza ndi china: munthu uyu adachita chinthu chachikulu chotere pafupi ndi kwathu, koma kwa zaka 40 dziko lapansi lidali lisakudziwa.

Chodabwitsa n'chakuti pa chikho cha Africa cha 1974 chija, Chitalu sadali mwini filimu. Adamwetsa chigoli pomwe Zambia inkagonja 3-1 ndi Egypt, koma amene adawala ndi Bernard Chanda, yemwe adamwetsa zitatu pokwapula Congo mu semifainolo. Zitatero, mphunzitsi wa ku Yugoslavia, Ante Bušelić, adayamba kumusiya, ndipo kwa zaka pafupifupi ziwiri munthu wa zigoli 107 ankaonerera timu ya dziko lake ali panja. Ambiri akadathera pomwepo, kukhala m'mabala n'kumafotokozera anyamata za kale. Iye adabwerera mu 1977, akuyandikira zaka 30, ndipo adalowa kuchokera pa benchi n'kumwetsa ziwiri pogonjetsa Uganda m'masewero opitira ku World Cup. Batire lija lidali lisadathe.

Mu Novembala 1978 ndi pamene nkhani yake idakumana ndi yathu. Mpikisano wa CECAFA, wa maiko a kummawa ndi pakati pa Africa, udachitikira kuno ku Malawi. Zambia idabwera yolusa. Idachinya Kenya 9-0, ndipo Chitalu adamaliza mpikisanowo ndi zigoli 11, kuposa aliyense. Koma mu fainolo adakumana ndi Malawi ya mphunzitsi Ted Powell, ya Kinnah Phiri ndi Jack Chamangwana, ndipo tidapambana 3-2, kutenga chikhocho koyamba m'mbiri yathu. Mukamamva madala akunyadira za 1978, dziwani kuti sakunyadira mphepo. Adagonjetsa timu yomwe kutsogolo kwake kudali Ucar ali pamoto. Pajatu ngakhale mawu amene ankanyamula dzina la Chitalu pa wailesi ya Zambia adali a mwana wa kuno: Dennis Liwewe, muulutsi wotchuka uja amene adamwalira mu 2014, adabadwira ku Malawi.

Chaka chimenecho Chitalu adasankhidwanso kukhala wosewera wopambana, n'kubwerezanso mu 1979. Kuphatikiza ndi 1968, 1970 ndi 1972, zidakwana kasanu. Taonani kutalika kwake: mphoto yoyamba ali ndi zaka 21, yomaliza ali ndi zaka 32. Mu 1980 adapita ku masewero a Olympics ku Moscow ndipo adamwetsa chigoli cha Zambia pomwe inkagonja 3-1 ndi eni bwalo, Soviet Union. Adamaliza ndi zigoli 79 za timu ya dziko, ndipo palibe wa ku Zambia amene wazifikira mpaka lero, ngakhale Kalusha Bwalya amene. Adapachika nsapato kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Mpira sadausiye. Adakhalabe ku Kabwe Warriors, ndipo timuyo itatuluka mu ligi yaikulu, ndi iye amene adaibweza monga mphunzitsi mu 1991. Kumapeto kwa 1992, Zambia itagonja ku Madagascar m'masewero opitira ku World Cup ya 1994, adapatsidwa timu ya dziko, womuthandiza wake ali Alex Chola, katswiri mnzake wakale. Mnyamata uja wonamiza woyimbira tsopano ndiye adali wosunga mwambo. Ndipo timu yomwe adalandira idali yoopsa: ambiri mwa iwo adali m'gulu lija lomwe lidachinya Italy 4-0 ku Olympics ya 1988 ku South Korea. A ku Zambia ankakhulupirira kuti ulendo uno World Cup akaiona.

Pa 25 Epulo 1993 adagonjetsa Mauritius 3-0 kwawo komwe, Kelvin Mutale atamwetsa zonse zitatu. Patangotha masiku awiri adanyamuka ku Lusaka kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal. Chuma cha Zambia chidali chitagwa limodzi ndi mtengo wa kopa, bungwe la mpira lidalibe ndalama, ndiye timu inkayenda pa ndege ya asilikali, ya mtundu wa Buffalo, yomwe inkayenera kutera m'njira kangapo kuti imwe mafuta. Idatera ku Brazzaville, kenako ku Libreville m'dziko la Gabon. Usiku wa pa 27 Epulo, itangonyamuka ku Libreville, idagwera m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi gombe. Anthu onse 30 adathera pomwepo, mwa iwo osewera 18: goloboyi Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Eston Mulenga, Timothy Mwitwa, Mutale uja wa zigoli zitatu, ndi anzawo. Chitalu ndi Chola adali momwemo. Kalusha adapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV ya ku Netherlands ndipo adayenera kukakumana ndi anzake ku Dakar. Lipoti la boma la Gabon, lomwe lidatuluka patatha zaka khumi, lidati injini ya kumanzere idagwira moto, ndipo woyendetsa, amene adali wotopa, adazimitsa ya kumanja yomwe idali yabwino.

Chitalu adamwalira ali ndi zaka 45. Adaikidwa limodzi ndi anyamata ake pa Heroes' Acre, kunja kwa bwalo la Independence ku Lusaka.

Zaka zidapita. Kenako kudabwera 2012, chaka chimene chidadzutsa dzina lake kawiri. Mu Febuluwale, Zambia idatenga chikho cha Africa koyamba pogonjetsa Côte d'Ivoire ya Didier Drogba 8-7 pa mapenate, ndipo fainoloyo idaseweredwa ku Libreville komweko, kufupi ndi madzi amene adameza timu ya 1993. Mu Disembala, Messi adapyola zigoli 85 zomwe Gerd Müller wa ku Germany adamwetsa m'chaka chimodzi, n'kumaliza ndi 91. Manyuzi a dziko lonse adati rekodi yagwa. Apo ndi pomwe bungwe la mpira ku Zambia, FAZ, lidakweza dzanja kuti dikirani kaye. Ndipo tamvani izi: Müller adamwetsa 85 zakezo mu 1972, chaka chomwecho cha Chitalu. Kwa zaka 40 dziko lidaombera m'manja munthu wa 85, wa 107 ali phee ku Kabwe, kenako m'manda.

FIFA idasamba m'manja. Idati iyo imasunga ziwerengero za mipikisano yake yokha, osati za maligi a m'maiko, choncho singatsimikize za Chitalu, ndipo ngakhale za Messi si rekodi yake. Ambiri adakwiya, ena adati ndi tsankho. Mwina tsankho lilipodi, koma vuto lalikulu lidali poyera. Zigoli za Müller zidalembedwa chimodzichimodzi, tsiku lake, bwalo lake, mphindi yake, ndipo zambiri zidajambulidwa. Za Chitalu zidali m'mitu ya madala, pa mpira umodzi wa mphoto, ndi m'manyuzi akale omwe ankadyedwa ndi fumbi. A Flamengo a ku Brazil nawonso adatulukira nthawi yomweyo ndi zigoli 89 za Zico za mu 1979, koma iwo adabwera ndi mndandanda m'manja.

Tisawaseke anzathuwa. Super League yathu idayamba mu 1986 ndipo Bata Bullets ndiyo idatenga. Tsegulani foni yomweyo mufufuze amene adamwetsa chigoli chilichonse chaka chimenecho, muone kuti mufika pati. Zigoli 71 za Kinnah Phiri ku timu ya dziko zimadziwika chifukwa masewero a maiko amalembedwa ndi anthu akunja, koma zomwe adamwetsa atavala jezi ya Bullets m'ma 1970, ligi ya dziko lonse isadayambe, n'zomwe zimangoyenda pakamwa. Nanga kuno kwathu, m'zikho za aphungu ndi mabonanza a ku Edingeni, ku Euthini ndi ku Khosolo, kumene mnyamata amatha kumwetsa zisanu fumbi lili kobo, anthu mazanamazana akuonerera? Mawa lake aliyense ali ndi nambala yakeyake. Kusiyana kwake n'kwakuti lero pafupifupi aliyense woonerera ali ndi kamera ndi kope m'thumba, zinthu zomwe ochemerera a pa Railway Ground mu 1972 adalibe.

Amene adapulumutsa zigoli za Chitalu si FIFA, si boma, si bungwe la mpira. Ndi wofufuza wa ku Zambia komweko, Jerry Muchimba, amene adakhala pansi ndi manyuzi a 1972, kutsegula tsamba ndi tsamba, kulemba masewero aliwonse, tsiku lake ndi zigoli zake, mpaka adatulutsa buku la moyo wa katswiriyu. Ntchito yotopetsa, yopanda ochemerera. Ndipo idatulutsa chinthu chimene ngakhale okonda Ucar ambiri sankachiganizira: 107 idali yochepa. Owerenga a nthawi ija adayamba kuwerenga pamene chaka cha mpira cha ku Zambia chidatsegulidwa, ndiye zigoli 9 zija za Majantja, za mu Januwale ndi Febuluwale, zidatsala kunja. Mukawerenga monga adawerengera za Müller ndi Messi, kuyambira Januwale mpaka Disembala, nambala yake ndi 116.

Bwalo la Kabwe Warriors, lomwe kale linkatchedwa Railway Ground, lidasinthidwa dzina mkangano wa 2012 uli mkati, ndipo tsopano ndi Godfrey Ucar Chitalu 107 Stadium. Zigoli 9 za Majantja pa dzinalo palibe.